Namwino Wamkulu pa Bedi la Wodwala

Amayi ena, namwino wamkulu wa m'chipinda cha odwala amene sadzachiranso, amayenda chokoka miyendo, koma kumaphunziro owonjezera sajomba. Amakhala kumbuyo atavula nsapato, n'kumati, "Imfa saizolowera, ana inu."

Tsiku lina aphunzitsi anawapempha kuti ayerekeze kukhala wodwala, kuti anamwino atsopano aphunzire kulankhula ndi munthu amene akutsirizika. Anagona pabedi monyinyirika. Namwino wina wachitsikana anawagwira dzanja n'kufunsa, "Amayi, tikuchitireni chiyani?"

Amayiwo anafuna kuseka, koma misozi inalengeza m'maso. Zaka zonsezi wofunsa funsoli anali iwo; palibe amene anawafunsapo.

"Ingokhala pomwepo, mwanangu," anatero. "Usandisiye dzanja."

Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono. Aphunzitsi anatseka chitseko pang'onopang'ono, ndipo kalasi yonse inadikira kuti amayiwo adzuke.