Buku Lokusankhira Mnzako

Aneba athu, atelala opuma aja, maso adayamba kale kuwakana, koma makani ndiye akadalipo. Chimwalirireni mayi a kunyumba kwawo, mwana wawo adawalembetsa mpikisano wowerenga wa kulaibulale, ati asamangocheza ndi khoma. Mwezi uliwonse umabwera ndi lamulo lake: wina buku lachikuto chofiira, wina lonena za ulendo. Iwo amasankha ngati nsalu. Amalipapasa, kulinunkhiza, kenako amati, "Ili silisuluka."

Mwezi uno lamulo likuti buku lokusankhira mnzako, ndipo apa mpamene pavuta. Anzawo onse adatsogola, watsala mmodzi, kalipentala amene ukalamba udamusokoneza mutu. Aneba adapitabe.

"Achimwene, ndisankhireni buku."

"Ndinu yani, bambo? Mwabwera kudzakonza wailesi?"

"Si ine ndidakusokerani suti ya ukwati, yothina m'khwapa ija?"

Kalipentala adangowayang'ana, nkutola kabuku ka malangizo a wailesi, nkuwapatsa ndi manja awiri ngati mlendo.

Pano aneba ali pakhonde, kabuku pamphuno, akuwerenga kaikidwe ka mabatire. Mwana wawo akuti limenelo si buku.

"Ndiye undipezere mnzanga wina," akutero anebawo, osadzutsa mutu.