Maliro a ku Joni pa waya wathu

Alandilodi anga ndi mayi wamasiye wa ku Chibavi. Mwana wawo anamwalira ku Joni, ndipo abale anagwirizana zomuika komweko. Mayiwo anati adzaonera maliro pa foni. Intaneti ya pakhomopo ndinaika ndine, choncho ndinadzitama kuti adzaona zonse bwinobwino. Pakamwa panga ine sipachedwa kulonjeza.

M'mawa wa tsikulo, thalakitala yokonza msewu inadula waya wathu waukulu. Kampani yathu ya intaneti, kumene ndimagwira ntchito, ndi yaing'ono. Tinatsala ndi kanjira kochepa kobwereka ku kampani ina, mzinda wonse nkumapanikizana pamenepo ngati m'minibasi. Abwana analamula kuti ndipatse maofesi akuluakulu mpata woyamba, am'makomo adikire.

Ndinavomera, koma atangotuluka ndinachotsako pang'ono ku ofesi ina nkuika nyumba ya mayiwo patsogolo pa onse. Kunali chisanu cha Mzuzu chija, koma malaya ananyowa ndi thukuta. Chitseko chikangolira ndinkaona ntchito yatha, ine ndikukwera basi kubwerera ku Zomba chimanjamanja.

Chimene chinandiopsa koposa nchakuti mphamvu zanga zinkathera pamalire athu. Zithunzi zisanafike kwa ife zimadutsa m'manja mwa eni kanjira kaja, ndipo makina awo sasamala zoti ife taika ndani patsogolo. Kwa iwo maliro ndi mpira nzofanana. Ndinaimbira mnzanga wa kumeneko, ndinamupempha mpaka mawu kusasa. Anandimvera chisoni, koma anati popanda kalata ya akuluakulu sangakhudze kanthu.

Ndinakhala maso ali pa kompyuta, kuyang'ana kamzere ka nyumba ija kakukwera nkutsika. Nthawi itangopitirira 11 koloko kanagwa. Kanadzuka patapita mphindi zambiri ndithu.

Abwana sanadziwe kanthu. Nditaweruka ndinazungulira dala mumsika, kuopa kufika. Ndinapeza azimayi a mpingo akubalalika, mayiwo ali pamkeka, foni ili pachitenje. Anati nyimbo anazimva, ulaliki anaumva, koma chithunzi chinaima bokosi lili m'manja mwa anthu, ndipo pobwerera panali mulu wa dothi.

"Yewo chomene, mwana wane, mwayesetsa," anatero, akundipatsa foni ndi manja awiri. "Inu mumazidziwa izi. Tabwezani pang'ono, ndione kumene amulozetsa mutu."

Ndinailandira foniyo, ndikudziwa kuti zimene sizinafike pafoni sizingabwezedwe. Ndinaigwira nthawi yaitali, ndikudinadina ngati pali chimene ndikufufuza.