Mutu umene ndinapindira mkati

Anthu amati akutumizako ku Nthalire ngati walakwira boma, koma ine anangonditumiza, mphunzitsi wamkazi wa ku Dedza wosadziwa ngakhale monire wa Chitumbuka. Kusungulumwa kutandikwana ndinayamba maphunziro a pakalata kuti ndilembe mayeso a mbiri yakale. Mzungu wina wa mishoni, pobwerera kwawo, anandisiyira mabuku atatu a mbiri ya ku Mangalande.

Ndinawakonda mabukuwo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinkaganiza kuti azungu ndi anthu odekha. Ayi ndithu. Mfumu ina inakangana ndi mpingo chifukwa chofuna mkazi watsopano, n'kuyambitsa mpingo wakewake. Ena anamenyana zaka ndi zaka pa nkhani yoti mbusa avale mkanjo kapena ayi, anthu agwade kapena aime. Ndinkaseka ndekha, ndinkawaona ngati akuluakulu a mpingo wa kwathu.

Buku lachitatu ndilo linali ndi moto. Linkanena za mfumu imene anthu ake anaizenga mlandu n'kuidula mutu, ndipo pachikuto panali chithunzi: mfumu itagwada, munthu wa nkhwangwa ataima pambali. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, mtsogoleri mmodzi wamuyaya, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha nkhani yochepera pamenepo. Ahedi athu atangoliona anayang'ana kukhomo.

"Asambizgi, likutireni lero lomwe," anatero, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka.

Pepala ku Nthalire linali losowa. Nyuzipepala inkafika kwa munthu mmodzi yekha, atcheyamani a chipani, bambo aatali amene analinso mkulu wa mpingo. Mwamwayi dzulo lake akazi awo anali atanditumizira nyama ya mbuzi yootcha, yokulunga m'tsamba la nyuzi. Ndinakutumula tsambalo, ndinakutira buku mothamanga belu likulira, osayang'ana n'komwe.

Lachinayi atcheyamani anabwera kudzaona atsikana anga akuyeserera nyimbo za chipani. Ndinawapatsa mpando, buku lili patebulo. Kunkatentha, choncho analitola kuti azikupizira mphepo. Anakupiza kawiri n'kuima.

Ndinayang'ana nanenso. Pachikuto panali suti yakuda, dzanja litakweza litchowa, tayi, kolala, basi. Mpindo wanga unadutsa pakhosi penipeni pa mtsogoleri wa dziko.

"Asambizgi," anatero motsitsa, "mutu uli nkhu?"

Ndinaona ntchito yanga ikupita, ndinaona galimoto ya apolisi ija yobwera popanda uthenga, ndi mayi anga ku Dedza akudikira kalata. Koma pakamwa panga sipanandisiyepo pa mavuto.

"Uli mkati, adada. Ndinaopa fumbi."

Sanaseke. Anafunsa kuti bukulo likunena chiyani, ine ndinati za mikangano ya mpingo, mikanjo ndi kugwada. Theka lake linali loona. Anayamba kumasula pepala pang'onopang'ono, ngodya imodzi, kenako ina, mpaka nkhwangwa ija inaonekera poyera, mfumu ili chigwadire. Analiyang'ana nthawi yaitali. Atsikana panja anali akuimbabe.

Kenako anatambasula tsamba lija pabondo kuti mutu ubwerere pathupi. Unabwerera ndithu, koma pamphumi ndi tsaya lonse panali banga lalikulu la mafuta, ndi kachidutswa ka tsabola pachipewa. Anaweramitsa mphuno. Mbuzi yawo anaizindikira.

Tinayang'anana. Kukulunga nyama m'nkhope imeneyo unali mlandu wosasiyana ndi wanga, ndipo nyuzi ku Nthalire konse inali ndi mwini mmodzi. Apo m'pamene ndinadziwa kuti bambo amene tonse tinkawaopa nawonso ankagona ndi mantha omwewo, ndipo ndinawamvera chisoni.

Anapinda tsambalo kanayi, mosamala kuti mpindo usadutse pakhosi, n'kuliika m'thumba la jekete.

"Mawa nimutumizganiko pepala la simenti," anatero akundibwezera buku chafufumimba. "Ine nili na ŵana sikisi, asambizgi. Imwe mundawone kalikose, ine naneso." Ndiye kuti ine sindinaone kanthu, iwonso sanaone kanthu.

Mayeso ndinakhoza. Bukulo ndikadali nalo, m'chikuto chake cha simenti, ndipo mpaka lero ndikamakutira buku ndimayamba ndatembenuza pepala.