Tseka Chitseko, Koma Uziimba

Ntchito yoyamba anandipezera amalume, pa esiteti ya fodya wa fuluu cha ku Kaluluma. Kapitawo anandiyang'ana mapewa, nati, "Uzikasonkha moto ku mabalani oumitsira fodya. Akakuphunzitsa a Lufeyo."

A Lufeyo anali mkulu pang'ono kwa ine. Analowa usilikali ali mnyamata, ndipo anatumizidwa kukalondera njanji ku Mozambique. Kumeneko adani anawagwira, nawatsekera m'chipinda chopanda zenera nthawi yaitali. Kwawo analira maliro. Koma munthu wanthabwala ngati iwo sindinamuonepo.

"Ine ndinafa kale," ankatero. "Chondiwawa n'chakuti mbuzi ya pamaliro anga anadya okha."

Anandiphunzitsa kupachika mikangala, ndodo zomangapo fodya, kumata mapaipi a moto ndi dothi, kukweza moto pang'onopang'ono mpaka tsamba lichite chikasu. Chimodzi chokha sankachita: kulowa m'balani chitseko chili chotseka. Ankachisiya pululu, kutentha n'kumathawa. Kapitawo anati akapitiriza awachotsa ntchito.

Tsiku lina masana, fodya atatsala pang'ono kuuma, ndinamva fungo la kupsa. Paipi inali itang'aluka, masamba ogwera pansi ayamba kufuka. Ndinathamangira kukatsegula chitseko.

"Usatsegule! Mphepo ikalowa, balani yapita!" anakuwa a Lufeyo.

Tinafumula nkhuni m'ng'anjo. Iwo anaviika chiguduli mumgolo, natenga chidebe cha dothi. Atafika pakhomo anaima.

"Ndilowe ine, achimwene," ndinatero.

"Iwe sudziwa polumikizira mapaipi. Ndikalowa utseke, mphwanga. Koma uziimba, ndizidziwa kuti panja pali munthu."

"Sinditha kuimba."

"Nanga ndakufunsa zimenezo?"

Ndinatseka. Ndinaimba. Nyimbo ya ku Sande sukulu, imodzi yomweyo, mawu ngati ng'ombe yofuna mwana wake. Amayi osoka fodya anabwera akuthamanga, ati ndavulala. Atamva chifukwa chake, anaima pambali panga n'kumavomera.

Kenako ndinamva kugogoda. A Lufeyo anatuluka akutsokomola, nsidze zitawauka. Moto anauzimitsa, paipi anaimata. Anakhala pansi, namwa madzi, nandiyang'ana.

"Kundende kuja anandizunza," anatero, "koma zoterezi sanandichitepo."

Kapitawo, amene anali atafika, anaseka mpaka kugwira khoma. Zowachotsa ntchito sanazitchulenso. Kuyambira pamenepo, iwo akalowa m'balani ankatseka okha chitseko, ine panja ndikuimba.

A Lufeyo anatisiya zaka zapitazo. Maliro achiwiri, enieni. Ndinapita, mbuzi ndinadyako.

Lero mabalani ndimayang'anira ndine. Lamulo langa ndi limodzi: wina akalowa, mnzake aime pakhomo, azimveka. Anyamata atsopano amafunsa chifukwa chake. Ndimangoyamba kuimba. Safunsanso.