Mpando Wakutsogolo wa Chipembere

Mundikhululukire polimba mtima kulemba. Ndine mphunzitsi wa masamu ku Chipata, ndipo kupatula pabolodi ndi m'makope a ana, sindinalembepo kanthu koti anthu awerenge. Chinyanja changanso n'cha kusukulu, kwathu timalankhula Chikunda, choncho pomwe ndapunthwa mungodumphapo. Ndikufuna kunena za atate anga, aPaskale Sakala a kufupi ndi Msoro, ndi galimoto yawo.

Atate anagwira ntchito zaka zambiri pa loji ina ku Mfuwe. Anayamba ndi kutsuka magalimoto, kenako anakhala dalaivala wonyamula alendo kukaona nyama m'paki. Popuma ntchito, eni loji anawafunsa mphatso yomwe angakonde. Iwo analoza Landirova yakale yomwe inali kuseri kwa galaja, nkhuku zikuikira mazira m'kati mwake. Inapangidwa dziko lino lisanalandire ufulu, kapena chaka chomwecho, sindikufuna kunama. Anaitcha Chipembere, ati popeza zipembere zinatha m'chigwa muno, chatsala n'chimenechi.

Chipembere chimanyamula thonje, odwala, ngakhale kwaya ya kumishoni. Koma mvula ikagwa msewu wakwathu umasanduka phala, ndiye chimangokhala pansi pa mtengo wa tsanya dzinja lonse, batire n'kufa. Kunyumba kulibe magetsi. Choncho mvula ikatha, mlamu wanga Ruben, mwamuna wa mng'ono wanga Charity, ankamanga batirelo panjinga n'kukalitchajitsa ku Mfuwe.

Atate ali ndi lamulo lawo: wobweretsa moto ku Chipembere ndiye amakhala mpando wakutsogolo paulendo woyamba wa chaka. Paulendowu amayendetsa pang'onopang'ono, n'kumasimba za moyo wawo, pomwe njovu inawathamangitsa, pomwe anakumana ndi malemu amayi. Amasimbira amene ali pambali pawo. Akumbuyo amangomva injini ndi kudya fumbi. Ine Fridah, mwana wawo woyamba, nkhani zimenezi ndimazimvera kwa Ruben. Mwambo umati mkamwini azichita manyazi ndi apongozi ake, koma uyu amakhala bondo ndi bondo ndi atate, akutapa nshawa m'thumba limodzi.

Ndikaimba foni n'kunena kuti, “Mwaswera bwanji, atate?” yankho limakhala lakuti, “Taswera, mayi. ARuben angochoka kumene.” Sindikunena kuti Ruben ndi munthu woipa. Ndi wabwino, ndipo chimenecho ndiye chimandiwawa.

Mvula isanayambe ndinaganiza zogula tchaja, kuti njinga ya Ruben ipume. Ndinawerenga pafoni mpaka maso kuwawa, kenako ndinapita kusitolo ya zida za galimoto. Wogulitsa, dzina lake Kondi, anandifunsa kuti, “Ndi motoka ya chaka chanji, amadamu?” Nditamuuza anaseka. “Imeneyo siifuna tchaja, ifuna wansembe.”

Anandionetsa tchaja yaikulu ya mawilo. Ndinakana, chifukwa imathira moto mwamphamvu n'kuwiritsa madzi a m'batire, pomwe kutentha kwa kuchigwa kumawaphwetsa kale. Anatulutsa ina yamakono, yodzizimitsa yokha. Nayonso ndinakana: zina zotere zikapeza batire litaferatu sizilizindikira n'komwe, komanso kwathu ndikailumikiza pati?

“Nanga mufuna yotani, amadamu? Yophika ndi tiyi?”

“Ya sola,” ndinatero, “ya twelofu volti, yodyetsa batire pang'onopang'ono, yokhala ndi kabokosi koletsa moto likakhuta.”

Inalipo imodzi pamwamba pa shelefu. Ndinamuuza aiyese pakhomo ine ndikuona, n'kuiyesanso. Pali chinanso chimene ndinasamala nacho. Magalimoto ambiri a masiku ano waya wa negetivu ndiye umamangidwa kuchitsulo cha galimoto, koma pa Chipembere ndi wa pozitivu. Munthu wozolowera magalimoto atsopano akhoza kulumikiza mosemphanitsa n'kuotcha zinthu. Ndiye ndinauza atate pafoni kuti azichotsa mawaya a galimoto n'kupana tchaja pabatire penipenipo. Anati, “Ndamva, mayi. Ndiwauza aRuben.”

Inali nthawi ya mayeso, ndipo ndinaopa kupempha tchuti kwa ahedi. Ndinakulunga katunduyo m'bulangeti n'kumupatsa kondakitala wa minibasi ya ku Mfuwe. Wokamutenga pa siteshoni anali Ruben, panjinga yake yomweyo. Apa sindinaganizepo, ine amene ndinaganizira zonse.

Patchuti cha Epulo ndinapita kwathu. M'mawa wa ulendo ndinavala chitenje chatsopano. Atate anabwezera mawaya, analowa, anapotoza kiyi, Chipembere n'kulira nthawi yomweyo, osatsokomola. Ndinakaima pachitseko chakutsogolo, dzanja lili pachogwirira.

“Lowani, aRuben,” anatero atate.

“Atate, tchaja ndinagula ndine.”

“Ndikudziwa, mayi, ndipo unasankha bwino. Ngakhale kuloji tinalibe yotere. Koma ine ndinaona ndani akulowa nayo pabwalo pano? Amapukuta fumbi pasola ndani? Amathira madzi m'batire ndani?”

Ruben anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. “Khalani ndinu, alamu, ine kumbuyo kulibe vuto.”

“Mpando sapatsana ngati fodya,” anatero atate. “Lowani, mafuta akutha.”

Charity anali atakwera kale kumbuyo. Anamenya thumba la chimanga lomwe linali pambali pake. “Bwerani kuno, aphunzitsi. Ili ndakusungirani, ndiye lofewa.”

Ndinakwera. Njira yonse ndinkayang'ana pakawindo kakang'ono ka kumbuyo kwa mpando. Ndinkaona dzanja la atate likuloza ku mtsinje, likuloza ku mtengo wa mlambe, mutu wa Ruben ukugwedera. Pena anaseka onse awiri mpaka galimoto kukhotera kutchire. Ndinafunsa Charity kuti akuseka chiyani. Anati, “Mukamufunse mlamu wanu.” Tchaja yanga inali itagwira ntchito yake bwino lomwe, moti Ruben sanapalase n'komwe njinga ndi batire chaka chino, koma mpando anakhalapo ndi iye.

Titabwerako ndinasuzumira pansi pomwe pamakhala batire. Lakalamba, m'mbali layamba kutupa, ndipo sindikukhulupirira kuti lidzaona dzinja lina, ngakhale ndi tchaja yabwino. Sindinauze aliyense.

Ndatsimikiza mtima kuti sinditumizanso kanthu paminibasi. Batire latsopano ndidzagula ndine, ndidzakwera nalo ndine, ndipo pomwe minibasi idzanditsitse ndidzabwereka njinga kapena kulisenza pamutu, kuti atate adzandione ndi maso awo ndikulowa nalo pabwalo. Tchuti cha Disembala ndidzakhala kwathu, nsanza yopukutira sola ili m'manja mwanga. Ruben akadzafuna kundithandiza ndidzamuthokoza mwaulemu, koma batirelo sadzalikhudza.