Anasudzula Amayi Thonje Litaphulika

Bambo atamwalira, munda wathu wa thonje ku Khombedza unatsala m'manja mwa amayi. Sunali munda wamasewera ayi: mizere kuyambira kumsewu mpaka kudambo, ndipo aganyu ankabwera kuchokera kumidzi yakutali. Inali nthawi ya chitaganya, pamene wolima motsatira alangizi a boma ankatchedwa wogulitsa dziko. Amayi analibe nazo ntchito zonyozazo. Mantha awo anali pena.

Iwo anali a chitengwa, kutanthauza kuti bambo anawatenga kwawo ku Chipoka kudzakhala kumudzi kwa mwamuna. Mkazi wotere akangosudzulidwa, achibale a malemu atamuuza kuti wamasuka, amanyamuka ndi ana ake, munda n'kutsalira eni mudzi. N'chifukwa chake amayi ankauzemba mwambowo. Lero mutu, mawa akuti mwana watentha thupi, nthawi zina mwanayo n'kukhala ine amene, chonsecho ndili bwinobwino.

Bambo aakulu, achimwene awo a bambo, sanakakamize. Pobzala anali phee. Popalira, amayi msana uli gwa padzuwa la ku Salima lija, analinso phee. Ife tinkati ndi chifundo. Chifundo chanji! Ankadikira kuti thonje liphulike. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Munda utayera mbuu, anabwera ndi akuluakulu anzawo, nkhuku ili m'manja.

"Alamu, mwalira mokwanira," anatero bambo aakulu. "Takumasulani. Pitani kwanu mukapume."

Mwambo umati wosudzulidwa athokoze. Amayi anagwada pafumbi, anawomba m'manja, nati, "Zikomo, alamu." Ine ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe.

M'mawa mwake tinanyamuka, mitolo pamutu, kukakwera sitima. Njira inkadutsa m'mbali mwa munda, ndipo akazi a bambo aakulu anali atayamba kale kutola thonje, akuponya loyera ndi lothimbirira m'dengu limodzi. Amayi anatula mtolo.

"Iyayi, inu! Musasakanize, kumsika akalibweza lonselo. Loyera palokha!"

Analowa m'mizere, nayamba kusankha ndi manja awo, msangamsanga ngati masiku onse. Akazi a bambo aakulu aja anati chapansipansi, "Sitima ikusiyani, amayi."

Manja a amayi anaima. Thonje limene linali m'dzanja lawo analibwezera m'dengu mosamala, kumbali ya loyera, n'kundiuza kuti ndiwasenzetse mtolo.