Kagalasi katipulumutsa pa Chinyunyu

Mwaswera bwanji nonse.

Ba Esnart mulamu wanga, zikomo. Timagalasi tozungulira munatipatsa tija, tomata pakona ya galasi lam'mbali, lero tagwira ntchito.

Mukudziwa mmene atate ake Dalitso amaikondera motoka yawo yofiira ija, ya zitseko ziwiri, yotsika ngati ikukwawa. Anakana kumata, ati tiwononga maonekedwe. Ndinamata ndekha iwo ali kusamba.

Lero pobwerera ku Mpanshya tinaima pa Chinyunyu kugula nthochi. Ponyamuka anayang'ana pagalasi lalikulu, msewu uli mbee. Atangoyamba kukhota, anaponda buleki mpaka nthochi zinagwera kumapazi kwanga.

"Kuli munthu," anatero.

Mayi wina wa panjinga anadutsa pafupi penipeni ndi chitseko chawo, mwana ali kumsana. M'kagalasi kaja atate ake Dalitso anangoona kachipewa kachikasu ka mwanayo basi. Mayiyo sanadziwe n'komwe, anapitiriza kupalasa, mwana akudya chimanga chake.

Atate ake Dalitso anatembenukira kwa ine. Kenako anati, "Muwathokoze alongo anga."

Nanga lole ya atate athu, imene imadutsa pakati pa ana a sukulu m'mawa uliwonse, tisaimatire nayo? Mukuti bwanji?